Ulemu wochedwa kwa amayi amene masamu awo anathandiza America kufika kumwezi

M'mwezi wa September chaka cha 2024, Nyumba ya Malamulo ya dziko la America inapereka mendulo za golide polemekeza amayi amene anagwira ntchito ya masamu ndi uinjiniya ku NASA, bungwe loona za maulendo a m'mlengalenga. Mwa amayi anayi amene anatchulidwa mayina, Christine Darden yekha ndiye anali akadali moyo. Mary Jackson anamwalira m'chaka cha 2005, Dorothy Vaughan m'chaka cha 2008, pomwe Katherine Johnson anatisiya m'chaka cha 2020 ali ndi zaka 101.

Amayi anayiwa, onse achikuda, ankagwira ntchito pa malo ofufuzira a Langley mumzinda wa Hampton, m'chigawo cha Virginia. Makompyuta asanafale, masamu onse okhudza kuuluka kwa ndege ndi zombo ankawerengedwa ndi anthu, ambiri mwa iwo amayi. Chifukwa cha malamulo a tsankho a nthawi imeneyo, amayi achikuda anali ndi gawo lawolawo lotchedwa West Area Computing, ndiponso zimbudzi ndi malo odyera osiyana ndi a azungu. Vaughan anayamba kutsogolera gawoli m'chaka cha 1949, ndipo Jackson anakhala injiniya woyamba wamkazi wachikuda wa NASA m'chaka cha 1958.

Johnson, yemwe anayamba ntchito ku Langley m'chaka cha 1953, anawerengera njira ya chombo cha Alan Shepard, munthu woyamba wa ku America kupita m'mlengalenga m'chaka cha 1961. Chaka chotsatira, John Glenn asananyamuke kukazungulira dziko lapansi, anapempha kuti mayiyu aunikenso masamu amene kompyuta inatulutsa. Glenn atabwerako analandiridwa ndi khwimbi la anthu m'misewu ya New York. Johnson, amene anathandizanso pa ulendo wa Apollo 11 wopita kumwezi m'chaka cha 1969, anadikira mpaka chaka cha 2015 pomwe Pulezidenti Barack Obama anamuveka mendulo yaulemu ali ndi zaka 97.

Tsankho la khungu linathandizira kuchedwaku, koma panalinso vuto la kasungidwe ka mbiri ya ntchito. Malipoti a kafukufuku ankatuluka ndi mayina a mainjiniya aamuna, pomwe owerengera masamu sankatchulidwa kawirikawiri. Johnson anakhala mkazi woyamba m'nthambi yake kulembedwa dzina pa lipoti m'chaka cha 1960. Munthu amene dzina lake silipezeka m'zikalata za bungwe saganiziridwa ikafika nthawi yosankha oyenera ulemu.

Zinthu zinasintha kwambiri m'chaka cha 2016 pamene Margot Lee Shetterly, amene bambo ake ankagwira ntchito ku Langley, anatulutsa buku lotchedwa Hidden Figures, lomwe linasandutsidwanso kanema. Lamulo lokhazikitsa mendulo za golidezi linasainidwa m'chaka cha 2019, ndipo m'chaka cha 2021 likulu la NASA ku Washington linapatsidwa dzina la Mary W. Jackson. Izi zikusonyeza kuti amene anautsa nkhaniyi pamaso pa dziko ndi wolemba mabuku, ndipo akuluakulu a boma anangotsatira.

Lamuloli linakhazikitsanso mendulo yachisanu yoimira amayi onse amene anagwira ntchito yotereyi kuyambira m'zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1970. Mendulo imeneyi ndi kuvomereza kuti ochuluka sadzatchulidwanso mmodzimmodzi.

Kwa oyang'anira maunduna ndi nthambi za boma kulikonse, phunziro lake n'lakuti ulemu umayambira pa kulemba dzina la aliyense amene wagwira ntchito pa lipoti, pulani kapena chitukuko, posatengera udindo wake. Pamene zikalata zasungidwa bwino, n'kosavuta kuthokoza wantchito akadali moyo, m'malo mopereka mendulo kwa ana ndi adzukulu ake.