Kodi Mphaka Azigona Kuti?

Mwa ziweto zonse za kwathu, palibe china chimene chitigwirira ntchito popanda malipiro monga mphaka. Ng'ombe tiimangira khola, nkhuku tiziwazira gaga, ngakhale galu timponyera mkute. Koma mphaka timtenga akali kamwana, timuonetsa nkhokwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo adzionera yekha. Dzuwa likalowa timtsekera kunja. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi n'choipa, ndipo ndipempha anzanga pamodzi ndi aphunzitsi athu kuti amve zifukwa zanga.

Choyamba, usiku ndiyo nthawi imene mphaka akomana ndi zoopsa zambiri. Agalu amthamangitsa, fisi amgwira, ndipo m'tauni galimoto zimponda. Aliponso anthu amene akaona maso ake alikunyezimira mumdima amati ndi mfiti, namgenda ndi miyala. Komatu maso aja anyezimira chifukwa m'kati mwake muli kanthu kobweza kuwala ngati kalilole, kamene kamthandiza kupenya usiku. Palibe ufiti pamenepo ai.

Chachiwiri ndi chiwewe. Nthenda imeneyi ipha anthu ngati 59,000 chaka ndi chaka pa dziko lonse, ndipo ochuluka a iwo ali mu Africa ndi mu Asia. Inde, ambiri aitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso akalumidwa ndi nyama yodwala akhoza kubwera nayo pakhomo, ndipo amene amnyamula m'mawa mwake ndiwo ang'ono athu. Kodi mwini wake wa mphaka wogona kunja adziwa chimene chamluma usiku? Chifukwa chake munthu akalumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti zizindikiro zikayamba kuoneka sipakhalanso mankhwala.

Wina adzafunsa kuti, "Nanga tikamtsekera m'nyumba, makoswe adzagwira ndani?" Ndiyankha ndi funso linanso: kodi makoswewo akhala kuti? Si mukhitchini ndi m'chipinda mosungira matumba a chimanga? Mphaka wogona m'menemo ali pa ntchito yake yeniyeni. Koma wosiyidwa panja asankha chosavuta kugwira, ndicho anapiye a mnansi, abuluzi ndi mbalame za pachisa.

Za ichi tili nacho chitsanzo chomvetsa chisoni. Kumwera kwa South Africa, pakati pa nyanja, kuli chilumba chotchedwa Marion. Mu 1949 anthu oyeza za nyengo anapititsako amphaka 5 kuti awagwirire mbewa. Amphakawo analowa m'tchire naswana, kotero kuti pofika 1977 analipo ngati 3,400, ndipo analikupha mbalame za kunyanja zikwi mazanamazana chaka chilichonse. Panapita zaka zambiri za ntchito yowawa kuti awathe onse mu 1991. Nanga mbewa zija? Zikalipobe mpaka lero. Kwathu kuno si chilumba, koma khalidwe la mphaka ndi lomwelo.

Enanso amati mphaka wanjala ndiye agwira bwino makoswe. Amenewa alakwa ndithu. Mphaka asaka chifukwa kusaka ndiko chibadwa chake, ngakhale atakhuta. Njala singamphunzitse kusaka. Imphunzitsa kuvundukula mphika wa ndiwo kwa eni ake, ndipo milandu yambiri ya pakati pa anansi iyambira pomwepo.

Sindikunena kuti mphaka akhale wandende. M'mizinda ya ku Ulaya ambiri asunga amphaka m'nyumba zosanja moyo wawo wonse, koma ife tili ndi mabwalo, ndipo masana mphaka aothere dzuwa pakhonde, nakwere mitengo monga afuna. Chimene ndinena ndi ichi: madzulo aitanidwe ndi chakudya, alowe, chitseko chitsekedwe. Pangodya paikidwe beseni lakale la mchenga loti adzithandiziremo, ndipo mchengawo uzitayidwa tsiku ndi tsiku. Koma ntchito imeneyi asagwire mayi woyembekezera, popeza m'zonyansa za mphaka mukhoza kukhala tizilombo tovulaza mwana wosabadwa.

Chatsala ndi kuswana. Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, ndipo abereka patapita masabata 9, kawirikawiri tiana 4 kapena 5. Tonsefe tidziwa kumene tiana tosafunidwa tithera: m'thumba, kudambo. Kumeneko ndi kuipa mtima. Madokotala a ziweto adziwa kufula wamphongo ndi kutseka wamkazi kuti asaberekenso, ndiponso abaya katemera wa chiwewe. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA ligwira ntchito yotere, ndipo kumudzi tikhoza kufunsa alangizi a ziweto.

Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna kuti chimanga chake chisadyedwe ndi makoswe alolenso kudyetsa mlonda wake, kumtemera ndi kumpatsa pogona. Tsono anzanga, tikapita kutchuthi tikayambe ndi mphaka wa kwathu. Ndipo amene aona kuti sangathe zimenezi, kuli bwino agule msampha, pakuti msampha sumva njala kapena kuzizira.