Mbaliwali Imalowera Polowera Mpweya

Mwezi wa Ogasiti ukafika, udzu wa m'madambo ndi mapesi a m'minda kuno kum'mawa kwa Zambia zimakhala zitaumiratu, ndipo mphepo imakula. Kuyambira pamenepo kufikira mvula yoyamba, osaka mbewa ndi ofuna msipu watsopano amayatsa tchire, motowo n'kupita kumene sanautume. Ambiri mwa inu amene munaphunzira pano mumalambula njira yotchinga moto kuzungulira munda ndi mudzi, ndipo tikukuyamikani. Komabe ntchito imeneyo ndi theka chabe. Theka linalo lili pamwamba pa khoma, pa zibowo zolowetsa mpweya zimene amisiri amazitcha maventi. Ife tikuti mlimi aliyense amene wamanga nyumba, shedi yosungiramo chimanga kapena khola la nkhuku asankhe chotchinga zibowo zimenezi mosamala monga momwe amasankhira mbewu.

Moto wa tchire umayenda panjira ziwiri. Malawi amayenda pansi ndipo amaima pamene udzu wathera. Mbaliwali, zomwe ndi tizidutswa ta udzu, masamba ndi makungwa oyaka, zimayenda m'mwamba. Mphepo kapena kamvuluvulu amazinyamula n'kuzidumphitsa msewu, mtsinje ndi njira yonse imene tinalambula. Zikafika pa nyumba, mphepo yozikankhayo imafuna polowera, ndipo imapeza maventi, mpata wa pakati pa khoma ndi malata, ndi mpata wa kunsi kwa chitseko. M'katimo mbaliwali imagwera pa thumba, pa chisa cha mbalame, pa utuchi wa m'khola, n'kumanyeka mwakachetechete. Moto umadzabuka eni ake ali kumunda, akuzima malawi ndi nthambi zaziwisi, ali ndi mtima woti nyumba ya njerwa ndi malata singapse.

Mayiko amene anapsa koopsa anaphunzira zimenezi ndi misozi. Ku Victoria, m'dziko la Australia, moto wa pa 7 Febuluwale 2009 unapha anthu 173 ndi kuwononga nyumba zoposa 2,000. Ku California, m'dziko la America, moto wa mu Novembala 2018 unasesa tauni ya Paradise, unapha anthu 85 ndi kutentha nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 18,000. Ofufuza m'mayiko onse awiriwa amagwirizana kuti nyumba zambiri zimayatsidwa ndi mbaliwali. N'chifukwa chake malamulo awo omangira m'madera a moto amanena za maventi mwatchutchutchu. Ku Australia amafuna waya wachitsulo wa timabowo tosapitirira mamilimita 2. Ku California timabowoto tisapitirire pafupifupi mamilimita 3. Nkhalango zawo ndi zosiyana ndi tchire lathu la misuku ndi mitondo, koma mphepo ndi mbaliwali zilibe mtundu.

Pokagula, tsono, yang'anani zinthu zitatu. Choyamba ndi chimene wayayo anapangidwa nacho. Sefa ya udzudzu yapulasitiki, imene yadzaza m'mashopu chifukwa chotsika mtengo, imasungunuka khala la moto likaikhudza, ndipo dzuwa lokha limaifwifwitsa n'kuing'amba. Sankhani yachitsulo chosachita dzimbiri msanga. Ngati mukukayika, pemphani kachidutswa muyatsire machesi pomwepo: yapulasitiki ikhwinyata, yachitsulo ingoda ndi mwaye.

Chachiwiri ndi kukula kwa timabowo. Waya wa nkhuku, wa mabowo a mamilimita 13 kapena 25, amaletsa mbalame koma mbaliwali imadutsa osagunda kalikonse. Muyeso uli m'thumba mwanu. Kamtengo ka machesi n'kokhuthala pafupifupi mamilimita 2. Ngati kakulowa n'kumagwedera m'kabowo, waya ameneyo musiyeni.

Chachitatu ndi kakhomedwe. Waya wabwino wokhomedwa ndi misomali inayi pa thabwa lofumbwa ndi chiswe amasiya mpata m'mbali, ndipo mphepo imaudziwa mpata umenewo. Mumatireni ndi simenti m'khoma momwemo, kapena mum'panikize ndi kafelemu kachitsulo mbali zonse zinayi. Mpata wa pakati pa khoma ndi malata utsekedwe ndi njerwa ndi dothi, kuti mpweya uzilowera pamene pali waya pokha.

Ena mwa inu atifunsa kale kuti, ngati vuto ndi chibowo, bwanji osangochimata chonse? Yankho lathu n'lakuti kumata n'kuitana tsoka lina. Chimanga chimene chauma kufika pa chinyezi cha 12.5 peresenti, muyeso umene a Food Reserve Agency amafuna pogula, chimanyowanso m'shedi yopanda mpweya, ndipo chuku chimene chimamera pamenepo chimatha kubala poizoni wa aflatoxin. Anapiye ofunditsidwa ndi mbaula amafa m'khola lotsekeratu, ndipo mpweya woipa wa makala, umene sununkha, umapha ngakhale anthu ali m'tulo m'miyezi yozizira. Nyumba iyenera kupuma.

Enanso akuti waya wa timabowo ting'onoting'ono amachepetsa mpweya ndipo amatsekeka ndi fumbi, nthenga ndi ukonde wa kangaude. Akunena zoona, ndipo sitikubisa. Koma mankhwala ake ndi osavuta. Pomanga, kulitsani chibowo kapena onjezani china kukhoma loyang'anana nalo kuti mpweya uzidutsa. Ndipo mwezi uliwonse wa chilimwe tengani burashi yolimba mupukute wayayo. Ndi ntchito yaifupi kuposa kusesa khola.

Tinenenso mosapita m'mbali kuti waya sathetsa zonse. Timbaliwali tating'ono kwambiri timatha kudutsa, ngakhale kuti timafika m'kati titafooka. Choncho kunsi kwa venti musaunjike matumba opanda kanthu, thonje, udzu wa ziweto kapena chigubu cha parafini. Kunja, mita imodzi ndi theka kuchokera pakhoma pakhale dothi losesedwa mbee, popanda nkhuni, mapesi kapena mitolo ya udzu wofolera yotsamira khoma. Amayi athu amene amasesa pabwalo m'mawa uliwonse anayamba kalekale ntchito imene akatswiri akunja akuilemba lero m'malamulo. Ndipo denga la udzu silipulumutsidwa ndi venti iliyonse. Nkhokwe ndi khitchini zofolera udzu zitalikirane ndi nyumba yaikulu, kuti chimodzi chikapsa chisatenge chinzake.

Tikudziwa kuti ndalama ya zokolola ili ndi eni ake ambiri: feteleza, sukulu ya ana, ngongole. Koma maventi a nyumba ndi shedi yonse amangofuna mamita ochepa a waya, pamene m'shedimo muli thukuta la banja lonse kuyambira Novembala kufikira Meyi, chakudya cha chaka ndi mbewu ya chaka chamawa. Mlimi amene wagula penti yokongoletsa khoma asanagule waya ameneyu wayamba ndi chimene chikanadikira.

Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Pakhomo palinso tchire lobisika: lili m'denga, m'ngodya za shedi ndi pansi pa khola. Inu amene muli pamaphunziro, sabata ino zungulirani nyumba zonse za pasukulu pano ndi kamtengo ka machesi m'manja, muwerenge zibowo zimene sizikukwana muyeso. Inu amene munabwerera kumidzi, chitani chimodzimodzi kwanu, ndipo mukawaonetse anansi anu ndi a mfumu, pakuti shedi ya mnzanu ikayaka, mbaliwali zake zidzatera pa denga lanu. Ntchitoyi ithe mphepo ya Ogasiti isanayambe.