Miyala ndi yathu, koma magetsi akuyaka kwa eni

Mu 2025 mgodi wa Kayelekera ku Karonga udayambanso kugwira ntchito, utakhala chitsekere kuyambira 2014. Akuluakulu aboma adaomba m'manja, ndipo sindikuwadzudzula pa zimenezo. Dziko lino likuvutika ndi kusowa kwa ndalama zakunja, achinyamata a ku Karonga nawo akufuna ntchito. Koma yureniyamu amene akukumbidwa kumenekoyo akupita kukapanga magetsi m'mayiko a eni, pamene kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi.

Aka si koyamba kukumba pa Kayelekera. Kampani ya Paladin ya ku Australia idatsegula mgodiwu mu 2009, boma litaipatsa chifundo chachikulu pa misonkho. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidatulutsa lipoti lonena kuti Malawi adataya madola pafupifupi 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho yochotseredwayo komanso njira zomwe kampaniyo inkatulutsira ndalama kunja. Mgodiwo unkayendera majenereta a dizilo, poti magetsi athu sakanatha kuunyamula. Taganizani, mwala wopangira magetsi ukukumbidwa ndi mafuta ogulidwa kunja, m'dziko lomwe anthu ake amagona pamizere ya mafuta.

Ambiri amati vuto lidali katangale kapena kupusa kwa amene adasaina. Mwina zina mwa izo zidalipo. Koma ine ndikuona vuto lozama kuposa pamenepo. Tidapita kukakambirana za katundu amene sitinkamudziwa bwino. Amene adabowola nthaka, kuyeza miyala ndi kuwerengera phindu adali wogula yemweyo. Zili ngati mlimi wopita ndi soya kwa venda, sikelo n'kukhala ya venda, wowerenga manambala n'kukhalanso venda yemweyo. Mlimi wotere angakhale atakhala wolimba mtima chotani, amabwerako atapunjidwa.

Sikelo ya dziko ndi sayansi, ndipo apa ndi pamene maboma onse amene tidawasankha, la chipani ichi kapena icho, alakwira dziko lino mofanana. Kafukufuku wa miyala wa pandege uja, amene anthu adamutcha Kauniuni, adachitika ndi ndalama za Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi European Union. Sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo idamangidwa ndi ngongole ya ku China. Lamulo lokhazikitsa National Commission for Science and Technology lidadutsa mu 2003, ndipo mayiko a mu Africa adagwirizana kalekale kuti aliyense aziika 1 peresenti ya chuma chake pa kafukufuku. Komabe wasayansi wa ku Malawi akafuna kufufuza kanthu, amayamba walemba kalata yopempha thandizo ku London kapena ku Washington. Wopereka ndalama ndiye amasankha funso. N'chifukwa chake tili ndi akatswiri otchuka pa malungo ndi Edzi, zomwe ndi zonyaditsa ndithu, koma tikafika pa miyala, pa mabatire, pa mawaya a magetsi, timadikira mlangizi wochokera kunja adzatiuze zomwe zili pansi pa mapazi athu.

Ndipo pansi pa mapazi athupo pali zambiri. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe kuli miyala yosowa ija yomwe amapangira maginito a galimoto zoyendera magetsi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli rutile ndi graphite, ndipo kampani yaikulu ya Rio Tinto idaikamo kale ndalama. Mayiko olemera akuthawa mafuta ndi malasha, akufuna miyala imeneyi mwachangu. Atsogoleri athu amakonda kunena kuti tisiye kutumiza miyala yosayenga kunja. Mawuwo ndi abwino, ndikugwirizana nawo. Koma fakitale yoyenga miyala imadya magetsi ochuluka usana ndi usiku. Adzachokera kuti?

Pafupifupi magetsi athu onse amadzi amachokera mu mtsinje umodzi, Shire: pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, tidataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo padatha chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere onse. Ometa, owotcherera zitsulo, a zigayo, ogulitsa mafirizesi, onsewa adalipira ndi njala ya ana awo. Izi zisanachitike, madzi atachepa m'nyanja, yankho la boma lidali kubwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, omwe adatidyera ndalama kuyambira 2018 mpaka 2022 osatisiyira kanthu kogwirika. Nthawi inanso tidataya zaka tikulota za magetsi a malasha a ku Kam'mwamba ku Neno.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya makala. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire sagula makala chifukwa chodana ndi mitengo. Amagula poti magetsi alibe, kapena alipo koma ndi odula ndi osadalirika, ndipo gasi sangamukwanitse. Mitengo ikatha m'mapiri a Neno, Mwanza ndi Machinga, mvula imakokolola dothi kulowa mu Shire, matope amadzaza madamu, magetsi amachepa, anthu amagulanso makala ochuluka. Boma lidakhwimitsa lamulo la nkhalango mu 2020, ndiye timaona wanjinga akulandidwa matumba ake pa rodibuloko. Munthu ameneyo ndi wosauka wotsiriza pa mzere wautali, ndipo chilango chonse chagwera iye. Utsi wa m'khitchini ukupweteka mapapo a amayi ndi ana tsiku ndi tsiku, koma pokonza bajeti nkhani ya kaphikidwe imabwera kumapeto, ngati yabwera n'komwe.

Sikuti njira sizikudziwika. Magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima akugwira ntchito. Ku Golomoti m'boma la Dedza kuli ena 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Damu la Mpatamanga likadzamangidwa lidzathandiza, ngakhale nalonso lili pa Shire yemweyo. Zimenezi zikusonyeza kuti zinthu zimatheka. Funso langa ndi lakuti, mwa mainjiniya amene adakonza mapulani a ntchitozi, a Malawi adali angati, nanga ana athu a ku sukulu za ukachenjede za MUST ndi MUBAS akuphunzirapo chiyani kuti ntchito yotsatira adzaipange okha?

Ubale wathu ndi mayiko ena ukadayenera kuyamba ndi mafunso otere. Damu la Cahora Bassa lili pakhomo pathu penipeni, ku Tete, ndipo limapanga mamegawati oposa 2,000, ambiri mwa iwo n'kupita ku South Africa. Nkhani yolumikiza mawaya athu ndi a Mozambique idalipo kale m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, boma lake lidaikana poti ndi yodula, ndipo tidataya zaka zoposa khumi. Mnansi amene timadalira madoko ake a Beira ndi Nacala tidamutenga mopepuka.

M'malo mwake taonani kumene mphamvu zathu zapita. Mu November 2023, nkhondo ya ku Gaza ili mkati, boma lidayamba kutumiza achinyamata kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu April 2024 lidatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Achinyamatawo sindikuwaimba mlandu, munthu wopanda ntchito amapita kumene kuli chakudya. Koma dziko lino lili ndi mbiri yomwe tiyenera kuikumbukira. Mu 1967 boma la Kamuzu Banda lidapalana ubwenzi ndi boma la tsankho la South Africa, abambo athu akutsika m'migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, anansi athu akutiyang'ana ndi diso lokayika. Nthawi imeneyonso chifukwa chake chidali ndalama. Zimandipweteka kuti patatha zaka zoposa 50 chomwe tikupita nacho ku mayiko ena chikadali thukuta la ana athu, ndipo ana a eni akamafa pansi pa mabomba ife tikusowa mawu.

Mapangano a migodi akusainidwa panopa, ndipo adzatimanga zaka makumi. Aphungu a Nyumba ya Malamulo aumirire kuti pangano lililonse lifike m'Nyumbamo ndi kusindikizidwa poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti anthu a ku Kasiya ndi ku Kayelekera aliwerenge okha. Gawo la msonkho wa miyala lilembedwe m'lamulo kuti ndi la labotale za Geological Survey ku Zomba ndi za sukulu zathu za ukachenjede, kuti mtsuko uliwonse wa yureniyamu uziyezedwa ndi Mmalawi usanadutse pa chipata. Gawo lina lipite ku magetsi a m'midzi yozungulira migodiyo, kuyambira ku zipatala ndi sukulu zake.