Nyanja Ili Kutali, Koma Imafika M'ndowa Yathu

Ambiri a ife kuno ku Chitakale sitinaionepo nyanja yamchere. Komatu mvumbi wa chiperoni umene umatigwira mu June ndi July umachokera komweko. Mphepo imanyamula chinyezi pa nyanja ya India, n'kudutsa ku Mozambique, ndipo ikagunda phiri la Mulanje chinyezicho chimasanduka mvula. Mvula imeneyi imathandiza kuti tiyi akhale wobiriwira m'chilimwe komanso kuti Likhubula ndi Ruo asaphwe.

Nyanja yomweyo ikatentha kufika madigiri 26 kapena 27, imatha kubala namondwe. Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya India. Anagunda Madagascar ndi Mozambique, anabwerera kunyanja, ndipo pa 11 March analowanso kumtunda kufupi ndi Quelimane. Mvula yake inakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, ndipo anthu mazanamazana anataya miyoyo. Anatha masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri.

Madzi osefukira akaphwa, vuto limatsalira m'zitsime. Zimbudzi zikagwa, zonyansa zimalowa m'madzi akumwa. Mliri wa kolera umene unabuka mu March 2022, atadutsa namondwe Ana, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. M'zithaphwi namo udzudzu umaswana, malungo n'kuchuluka.

Makolo athu namondwe ankangomuona atafika pakhomo. Ife timamumva pa wailesi akadali panyanja, ndipo mwayi umenewu unabwera ndi maulendo a m'mlengalenga. Pa 12 April 1961, Yuri Gagarin wa ku Soviet Union anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi m'chombo, ulendo wa mphindi 108. Mu July 1969 Neil Armstrong anaponda pamwezi. Pa 7 December 1972, amene anali m'chombo cha Apollo 17 anajambula dziko lonse lathunthu. Pa chithunzi chotchukacho pamaoneka Africa, chilumba cha Madagascar, ngakhalenso namondwe akuzungulira pa nyanja ya India. Mpikisano womwewo unabala masetilaiti oona zanyengo, amene mumakhala makina okhaokha. Yoyamba kugwira bwino ntchito, TIROS-1, inaulutsidwa mu 1960. Zithunzi za masetilaiti otere ndi zimene a nthambi yoona zanyengo amadalira potichenjeza.

Amene amakhala kumwambako ali ndi phunziro linanso kwa ife. Kuyambira November 2000, pa International Space Station, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu, sipanasowepo munthu. Kulibe mtsinje, kulibe mjigo. Makina amasonkhanitsa thukuta, chinyezi cha mpweya wopuma ndi mkodzo, n'kuzisefa mpaka kukhala madzi abwino akumwa. Mu 2023 bungwe la NASA linalengeza kuti likutha kubweza madzi 98 pa 100 alionse. Palibe amamwa madzi chifukwa choti akuoneka oyera. Amayamba awayeza.

Ife makina amenewo tilibe, koma poto, moto ndi ndowa tili nazo. Nyengo ya anamondwe ndi November mpaka April, choncho kukonzeka kuyambe mvula isanagwe. Tilimbitse chimbudzi, chikhale ndi denga ndi chivundikiro, ndipo pambali pake tiike mpondagiya ndi sopo. Chenjezo likamveka, titunge madzi a masiku angapo zitsime zisanadetsedwe. Tiwawiritse mpaka abwadamuke, kapena tithire klorini monga momwe alangizi a zaumoyo atiuzira, n'kudikira mphindi 30. Tiwasunge m'ndowa yovundikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera. Amene tili m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, tisamuke tikauzidwa, kukadawala.

Mapaketi a Thanzi ORS asasowe m'nyumba. Akasowa, tisungunule timasupuni ta tiyi tosasefukira 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, timumwetse pafupipafupi tili pa ulendo wa kuchipatala. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, ndiye tisadikire kuti kuche. Masikito neti nawo tigonemo usiku uliwonse, ngakhale titasamukira kusukulu kapena kwa achibale.

Namondwe sitingamuletse, ndipo setilaiti singatiwiritsire madzi. Chimene imatipatsa ndi masiku angapo odziwiratu. Sabata ino tione ngati ndowa yathu ili ndi chivundikiro, ngati wailesi ili ndi mabatire, komanso ngati agogo oyandikana nafe ali ndi wowatungira madzi.