Fumbi la Kapenta ndi Ng'ombe Zathu za Pagoli

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Katete, msipu umakhala utauma, wina utapsa ndi lupsa, ndipo ng'ombe zathu za pagoli zimayamba kuonetsa nthiti. Mvula ikagwa mu Novembala, pamene pulawo ifunika m'munda, ng'ombezo zimagwada mzere woyamba usanathe. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinationetsa zimenezi poyera.

Udzu wouma umadzaza mimba, koma zomanga thupi, zija aphunzitsi amati mapulotini, mulibe zokwanira. Tsono ife tayamba kuyang'ana pansi pa matumba a kapenta amene amalonda amakutumula pamsika. Timitu ndi fumbi lotsala m'menemo zili ndi mapulotini oposa a gaga kangapo. Ufa wa nsomba wokonzedwa bwino umafika pa magawo 60 mwa 100. Akatswiri a ziweto anapezanso kuti ambiri mwa mapulotiniwa amadutsa cifu coyamba ca ng'ombe osaonongeka, nakagayidwa m'matumbo, kumene thupi limapindula nawo.

Koma ng'ombe si nkhumba. Ife tsiku loyamba tinathira mbale yathunthu, ndipo Bulaki wathu anangonunkhiza, nafwenthera, nacokapo. Tinaphunzira kuyamba ndi dzanja limodzi losakaniza mu gaga ndi kuonjeza pang'onopang'ono. Zotsalazo ziume gwa, zipetedwe kucotsa mcenga, ndipo zankhungu kapena zoola zitayidwe. Ng'ombe yokamidwa ikadya zambiri, mkaka umamveka nsomba, ana naukana.

Tisakubiseni cinthu cimodzi, abale. Maiko a European Union analetsa kupatsa ng'ombe ufa wa nsomba mu 2001, cifukwa ca matenda a misala ya ng'ombe amene anapezeka ku Britain mu 1986. Mlandu sunali wa nsomba ai. Anaopa kuti ufawo ungasakanizike ndi ufa wa nyama ndi mafupa a ng'ombe zinzake. Cotero ufa wogula, wosadziwika kumene wacokera, tiukane, ndipo mlangizi wa ziweto tisamlambalale.

Amai a kunyumba kwathu anatidzudzula tsiku lina atationa tikunyamula thumba lonse kupita nalo kukhola. Anati fumbi loyera bwino nloyenera phala la adzukulu. Tinawagonjera. Bulaki tsopano amalandira lamcenga lija titalipeta, pamodzi ndi masamba a nshawa amene tinasunga patsindwi ndi zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa.