Pambali pa sikelo pafunika choyezera chinyontho

Nyengo yokolola ikafika, mkangano wa pa sikelo kwa Kabudula ndi pa Nsaru umakhala womwewo chaka ndi chaka. Mlimi watsitsa thumba la chimanga pangolo. Venda wapisa dzanja, watapa njere zingapo, waluma imodzi, kenaka wakwinya nkhope: "Bambo, chimangachi sichinaume, tichotsapo makilo atatu." Mlimi akana, akuti chakhala pa lona sabata yathunthu. Koma poti ngolo ndi yahayala ndipo ndalama ikufunika lero lomwe, mapeto ake agonja. Mwa awiriwa palibe amene akudziwa kuti m'thumbamo muli madzi ochuluka bwanji. Mlandu wagamulidwa ndi dzino la wogula.

Sikuti venda akamadandaula za chinyontho ndiye kuti akunama. Thumba la makilogalamu 50 la chimanga chokhala ndi chinyontho cha 18 peresenti lili ndi madzi okwana makilogalamu 9, ndipo chimanga chenicheni ndi makilogalamu 41. Chikauma n'kufika pa 13 peresenti, mlingo umene ogula akuluakulu amafuna, thumba lomwe lija limatsala ndi makilogalamu 47 ndi kangachepe pamwamba. Pafupifupi makilo atatu apita ndi dzuwa. Pa matumba 100, venda wataya pafupifupi matumba asanu ndi limodzi asanalipire galimoto. N'chifukwa chake ngakhale ADMARC imadikira kaye kuti chimanga chiume isanatsegule misika yake.

Vuto lagona pakuti makilo atatuwo amachotsedwa pa aliyense. Amene anaumitsa bwino mpaka 13 peresenti amadulidwa chimodzimodzi ndi amene wangotong'ola dzulo chimanga cha pamkukwe. Ndiye mlimi wosamala uja chaka chamawa adzavutikiranji kuyanika?

Alimi ambiri amaona ngati ogula a mu mzinda amakokomeza nkhani ya chinyontho kuti atsitse mtengo. Nthawi zina zimaterodi. Koma palinso chifukwa china chimene sichikambidwa kawirikawiri pamsika: makina amene katunduyu amakakumana nawo kutsogolo sagwira bwino ntchito ndi zinthu zonyowa. Mayi aliyense wa kwa Kabudula amadziwa zimenezi. Akavuula mphale n'kupita nayo kuchigayo isanaume bwino, mwini chigayo amaibweza, chifukwa ufa wake umamata pa sefa, timabowo timatsekeka, injini imalemedwa ndipo mafuta kapena magetsi amatha ambiri.

M'mafakitale a ku Kanengo ndi a ku Blantyre nkhani ndi yomweyo, kungoti kumeneko imadula kwambiri. Makina opakira ufa m'mapaketi amadalira kuti ufawo uziyenda mofanana, ngati mchenga wouma. Ena amathira mothamanga poyamba, kenaka pang'onopang'ono, n'kudula mlingo ukakwana. Ena sayeza n'komwe kulemera kwake, amangowerenga kuti chitsulo chokankha ufa chazungulira kangati. Ufa ukakhala ndi chinyontho umagwirana mibulu, umakakamira m'mbali mwa chotengera, kenaka umagwa wonse nthawi imodzi. Paketi ina ituluka yoperewera, ina yopitirira. Yoperewera imaika kampani m'mavuto ndi ogula komanso ndi oyendera miyezo, yopitirira ndi ufa woperekedwa ulele. Kadiso kamagetsi kowerenga mapaketi akamadutsa pa lamba kakamatidwa ndi fumbi lonyowa kamayamba kudumpha kapena kuwerenga kawiri, ndipo mtolo wofunika mapaketi 20 umamangidwa ndi 19. Pakamwa pa paketi pakakhala ufa womata, chitsulo chotentha sichimata bwino pulasitiki, paketi imakatseguka m'galimoto. Zikatere makina amaimitsidwa kuti atsukidwe, antchito akulipidwa ali chiimire.

Mwini golosale wa pa Nsaru amaona kachigawo ka zimenezi mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mchere umachita madzi m'thumba, shuga amagwirana, ndipo feteleza wa Urea wosiyidwa pasimenti amasanduka mwala. Mpweya wa m'nyengo ya mvula umalowa mu chilichonse. Kampani imene ikulimbana kale ndi mpweya woterewu singafune kugulanso madzi ena m'thumba la mlimi, ndipo ikakakamizika kuumitsa yokha, ndalama yake imachotsedwa pa mtengo wa venda, venda nayenso n'kuichotsa pa mlimi.

Ngakhale sikelo yamagetsi imene mavenda ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano simasangalala ndi chinyezi. Ikagona panja pa mame, kapena m'shedi yodontha, madzi amalowa m'timawaya ndi pa kachitsulo komva kulemera, manambala amayamba kuvina ndipo sikelo simabwereranso pa ziro. Mlimi ali ndi ufulu wofunsa chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards chosonyeza kuti sikeloyo inayesedwa, komanso kuona ndi maso ake kuti ikuyambira pa ziro. Wochenjera amayamba waikapo paketi ya shuga yosatsegula, kapena thumba limene analiyeza kale pa sikelo ina.

Alimi nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo pa mtedza ndi pamene pali chilonda chenicheni. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda chikadalipo, ndipo ena amawaza dala mtedza wosendasenda usiku woti mawa kuli msika, kuti thumba lilemere. Phindu lake ndi kilo imodzi kapena awiri. Mtedza wosenda umafunika kuuma mpaka 7 kapena 8 peresenti. Ukatsekeredwa m'thumba uli wonyowa umatentha ndi kuchita chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene satha ngakhale mtedzawo ukazingidwe kapena usinjidwe. Amawononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodyedwa wopitirira magawo 4 pa biliyoni, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtedza wa ku Malawi, umene kale unkapita kunja wambiri m'masiku a Chalimbana, umavutikira kulowa m'misika yolipira bwino. Akatswiri a ku Chitedze, komwe sikutali ndi Kabudula, akhala akuchenjeza za zimenezi kwa zaka zambiri. Koma chenjezo silingapambane sikelo imene imalipira madzi pa mtengo wa mtedza.

Apa ndi pamene kamakina koyezera chinyontho kamafunikira. Ndi kakang'ono, koyendera mabatire, ndipo kamapereka yankho m'mphindi imodzi. Ogula akuluakulu ndi nyumba zosungira mbewu za m'tauni ali nako kale. Kumudzi, komwe malonda oyamba amachitikira, ndi kumene kakusowa. Wogula aliyense amene wapachika sikelo pa Nsaru, kwa Kabudula kapena pa Nambuma ayenera kukhala nako, ndipo pambali pake pakhale chikwangwani chosonyeza makilo ochotsedwa pa mlingo uliwonse: pa 13 peresenti palibe chochotsa, pa 15 kilo imodzi ndi pang'ono, pa 18 pafupifupi makilo atatu. Wouma alandire mtengo wonse.

Ena anena kuti venda wamng'ono wogula ndi ndowa sangakwanitse kugula makina otere. N'zoona. Koma gulu la alimi kapena komiti ya msika ingathe kugula amodzi n'kumalipiritsa kangachepe pa thumba, monga mmene anthu amalipirira ngolo. Khonsolo ya boma imatolera ziphaso m'misika imeneyi tsiku lililonse la msika, ndipo makina amodzi pa msika uliwonse si katundu woti angaikanike.

Podikira zimenezo, pali njira yakale imene alangizi amaphunzitsa, yoposa dzino. Mlimi atenge botolo lagalasi louma bwino, athiremo chimanga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, awonjezere masupuni awiri kapena atatu a mchere umene wauyanika kapena kuukazinga kuti uume, atseke n'kukhutchumula kwa mphindi imodzi, kenaka alisiye kwa mphindi 15 n'kukhutchumulanso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chinyontho chapitirira 15 peresenti ndipo chimangacho chibwerere pa lona. Mchere ukapanda kumata, mlimi anyamule botolo lomwelo popita kumsika, akalionetse kwa venda asanayambe kukamba zochotsa makilo.