Chilembo chimodzi, mtengo katatu

Mlangizi akamatumiza uthenga wa pafoni kwa alimi, safunsa ngati foni ya wolandira ndi ya Nokia, itel kapena Samsung. Uthenga umafika chifukwa opanga mafoni amatsata malamulo amodzi a GSM, amene anakonzedwa ku Ulaya. SMS yoyamba inatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992.

Lamulo lake n'lokhwima: uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, kuphatikizapo mipata, ndipo zilembozo zimachokera pa mndandanda umene unapangidwira zinenero za kumadzulo kwa Ulaya. Chilembo cha ŵ palibepo. Pofuna kuti zinenero zina zisatsekeredwe kunja, okonza malamulowa anasiya khomo lachiwiri, lomwe ndi mndandanda waukulu wa Unicode. Koma uthenga wodzera khomo limeneli umanyamula zilembo 70 zokha, ndipo ukatalika umadulidwa m'zigawo za zilembo 67.

Apa ndi pamene mafoni amasiyana zochita. Ina ikaona ŵ imasamutsira uthenga wonse ku Unicode mwakachetechete, moti uthenga wa zilembo 150 umasanduka zigawo zitatu, ndipo nthawi zambiri chigawo chilichonse chimalipiridwa pachokha. Ina imaika chilembo china m'malo mwake. Foni yakale ikalandira chilembo chimene siichidziwa, imangoonetsa kabokosi. Ngakhale kachizindikiro ka mu ng'ombe kamachita zomwezo kakakhala kopindika, monga kamene kompyuta imaika polemba kalata.

Kodi makina azilolerana kufika pati? Mu 1980 Jon Postel, mmodzi wa akatswiri amene anayala maziko a intaneti, analangiza kuti wotumiza azisamalitsa potsata lamulo, pamene wolandira azikhala wololera. Langizoli linathandiza makina osiyanasiyana kumvana. Komabe mu 2023 bungwe la Internet Architecture Board linachenjeza kuti kulolera zolakwa kwa nthawi yaitali kumazizikitsa, kufikira aliyense amakakamizika kuzitsatira. Pajatu kuwongola mtengo n'poyamba.

Mbali ya wotumiza ili m'manja mwa alangizi. Uthenga wa katemera wa chitopa kapena wa tsiku la msika ukhale waufupi, wa zilembo wamba, wopanda tizithunzi. Tsiku ndi malo zilembedwe koyambirira. Usanapite kwa alimi mazana, uyambe wayesedwa pa mafoni atatu osiyana, ndipo imodzi ikhale yamabatani. Mlimi amene uthenga wamufika wosamveka sabweza funso, amangophonya katemera.